Wodwala Sitiroko Tisamuchitire Zonse

Pakati pathu pali mwambo wabwino wosamala odwala. Munthu akagwa ndi matenda a sitiroko, nafa ziwalo mbali imodzi, abale amathamanga kuchokera kutali. Wina amamusambitsa, wina amamudyetsa phala, wina amamuveka malaya, ndipo akati atambasule dzanja kuti atenge kapu ya madzi, mdzukulu wafika nayo kale pakamwa. Aliyense woona amayamikira kuti banja ili ndi lachikondi. Inenso ndimayamikira. Komabe m'nkhani ino ndikufuna kunena chinthu chimene ena mwa inu, makamaka makolo athu, mwina simuchilandira msanga. Chisamaliro chotere chikapyola muyeso chimamaliza kupha dzanja limene matenda adangolifooketsa. Maganizo amenewa ndawatenga ku kafukufuku amene madokotala akhala akuchita m'zipatala za maiko osiyanasiyana, ndipo ndikupemphani kuti muwaunike nane modekha.

Poyamba tiyeni timvetse chimene chimachitika m'thupi. Ubongo umadya kudzera m'magazi. Mtsempha wopita ndi magazi ku ubongo ukatsekeka, kapena ukaphulika, chigawo cha ubongo chimene chinkadalira mtsempha umenewo chimayamba kufa m'mphindi zochepa. Mitsempha yotenga mauthenga kuchokera ku ubongo imapingasana isanatsikire m'msana, nchifukwa chake mbali ya kumanzere ya ubongo ikavulala, dzanja ndi mwendo wa kumanja ndizo zimafooka. Mwa anthu ambiri kuyankhula kumayendetsedwa ndi mbali ya kumanzere yomweyo, kotero wofa ziwalo za kumanja kawirikawiri amavutikanso kutulutsa mawu. Kumudzi ena amati munthu wotere wamenyedwa hamala ndi afiti, poona kuti wagwa mwadzidzidzi asanadwale. Koma kafukufuku amene Laura Benjamin ndi anzake adachita pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, namufalitsa mu 2016, adapeza kuti chachikulu chobweretsa sitiroko kuno kwathu ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timati BP, ndi kuti kwa anthu ocheperako zaka kachilombo ka HIV kamawonjezera chiopsezo. Tsono tigwiritse mfundo iyi: dzanja lenilenilo silinathyoke, ndipo minofu yake ilipo. Chimene chaduka ndi njira ya uthenga.

Kodi njira yoduka ingalambulidwenso? Kwa zaka zambiri madokotala ankayankha kuti ayi. Ngakhale katswiri wamkulu wa za ubongo, Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1906, ankakhulupirira kuti njira za m'ubongo wa munthu wamkulu zidakhazikika kale ndipo sizisintha. Ngati zili choncho, wodwala angomugoneka bwino nkumadikira.

Mmodzi mwa amene adagwedeza chikhulupiriro chimenechi ndi Edward Taub wa ku America, yemwe ankafufuza pa apusi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Akadula mitsempha imene dzanja limamvera kukhudza, pusi ankasiyiratu kuligwiritsa ntchito, chonsecho mitsempha yoyendetsa minofu inali yosakhudzidwa. Pusiyo ankayesa, nkugwetsa chakudya, nkuyesanso, nkulephera, mpaka adazolowera kuchita zonse ndi dzanja labwino. Koma dzanja labwinolo likamangidwa kwa masiku angapo, njala inkamukakamiza kutambasula dzanja lonyanyalidwa lija, ndipo linkayambanso kugwira ntchito. Taub adaona kuti kufooka kwina nkophunzira. Munthu akalephera kangapo m'masabata oyamba, amaphunzira kulisiya dzanjalo, ndipo amapitiriza kulisiya ngakhale mphamvu zitayamba kubwerera.

Mu 1996 Randolph Nudo ndi anzake adaonetsa zimene zimachitika mkati mwa mutu. Adavulaza kachigawo kakang'ono ka ubongo koyendetsa dzanja mwa apusi. Apusi amene adangosiyidwa adataya ngakhale malo oyandikana ndi balalo, amene sadavulale. Apusi amene ankaphunzitsidwa tsiku ndi tsiku kutola chakudya m'timabowo ting'onoting'ono adasunga malowo. Tonse tikudziwa kuti njira yosapitamo anthu imamera udzu mpaka kusowa pamene inkadutsa. Ubongo nawo uli chimodzimodzi.

Wina anganene kuti pusi si munthu, ndipo akunena zoona. Nchifukwa chake njira ya Taub idayesedwa pa anthu mu kafukufuku wotchedwa EXCITE, amene adatsogolera Steven Wolf wa ku yunivesite ya Emory, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2006. Odwala 222, amene adagwa ndi sitiroko miyezi 3 mpaka 9 m'mbuyomo, adagawidwa m'magulu awiri pochita maere, kuti pasakhale kukondera. Gulu limodzi lidalandira chithandizo cha masiku onse. Gulu linalo, kwa masabata awiri, linkavala chophimba chokhuthala ku dzanja labwino pafupifupi nthawi yonse imene lili maso, uku likuphunzitsa dzanja lofooka ntchito zosiyanasiyana mpaka maola 6 pa tsiku. Patatha chaka, a gulu lachiwirili ankagwira ntchito ndi dzanjalo mofulumira ndiponso kawirikawiri kuposa anzawo aja. Apa ndichenjezeretu. Olowa mu kafukufukuyu anali okhawo amene ankatha kale kugwedeza pang'ono zala ndi pamfundo ya dzanja, ndipo ankayang'aniridwa ndi akatswiri. Wina asapite kukamanga dzanja la agogo ndi chitenje, nkumati adawerenga m'magazini.

Nanga wodwala ayenera kubwereza kangati kuti njira ija ilambulike? Mu 2009 Catherine Lang ndi anzake adakhala pansi m'zipatala za ku America ndi Canada, nawerenga kuti wodwala amachita kangati ntchito ya dzanja pa nthawi imodzi ya mafizo. Adapeza ka 32 kokha, pamene nyama za mu kafukufuku zinkabwereza ka 400 mpaka 600. Ku chipatala cha Queen Square ku London, Nick Ward ndi anzake adapatsa odwala 224 mafizo a maola 90 m'masabata atatu. Ambiri mwa iwo anali atatha chaka ndi kuposerapo chigwereni, nthawi imene anthu amati basi zatha, koma manja awo adapitabe patsogolo, monga adalengezera mu 2019. Kafukufuku ameneyu adalibe gulu lofananitsa nalo, choncho sitingamutenge ngati chigamulo chomaliza. Komabe malangizo a madokotala a ku Britain a mu 2023 amati wodwala amene angathe azilandira mafizo maola osachepera 3 pa tsiku, masiku 5 pa sabata. Tsono taganizani za wodwala wa kwathu amene amamuchitira zonse. Dzanja lake limagwira ntchito kangati pa tsiku? Mwina ngakhale kamodzi komwe ayi.

Ndikudziwa chimene ambiri ayankhe: izi ndi za maiko olemera, kumene kuli makina, ife tilibe. Funso ili ndi lolemera ndithu, koma ofufuza adaliyankha mosayembekezeka. Mu 2011 Pamela Duncan ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa LEAPS, wa odwala 408 ku America. Ena ankaphunzira kuyenda pa makina a lamba woyenda yekha, atakolekedwa ndi zingwe zowapepukitsa thupi. Ena ankangochita mafizo kunyumba, dokotala wa mafizo akumawayendera. Patatha chaka, anthu 52 pa 100 alionse anali atapita patsogolo pa kayendedwe, ndipo makina aja sadapose mafizo a kunyumba. Ku Britain nako, kafukufuku wotchedwa RATULS, wa odwala 770, adapeza mu 2019 kuti makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ogwira dzanja la wodwala nkumaliyendetsa, sadapose chithandizo cha masiku onse. Pamene makina okwera mtengo akulephera kupambana, galasi wamba lodziyang'anira likuthandiza. Wodwala amabisa dzanja lofooka kuseri kwa galasi, nkumagwedeza dzanja labwino akuyang'ana chithunzithunzi chake, ndipo ubongo umaona ngati dzanja lofooka lija ndilo likuyenda. Eric Altschuler ndi V. S. Ramachandran adayesa njirayi pa odwala sitiroko mu 1999, ndipo mu 2018 bungwe la Cochrane litaphatikiza kafukufuku 62 wa anthu pafupifupi 2,000, lidapeza kuti imathandiza ikawonjezedwa pa mafizo ena.

Ena amaika chiyembekezo chawo pa mapiritsi. Nkhani ya mankhwala otchedwa fluoxetine itiphunzitse kanthu. Mu 2011 kafukufuku wamng'ono wa odwala 118 ku France adaonetsa ngati kuti mankhwalawa amathandiza ziwalo zofooka kudzuka, ndipo ambiri adasangalala. Koma madokotala a ku Britain sadakhutire. Adawayesa pa odwala 3,127 mu kafukufuku wotchedwa FOCUS, ndipo adapeza kuti omwa mankhwalawa kwa miyezi 6 sadachire kuposa omwa mapiritsi opanda kanthu. Matenda a kukhumudwa adachepako mwa iwo, koma othyoka mafupa adachuluka. Kafukufuku winanso wamkulu ku Sweden ndi ku Australia adapeza zofanana mu 2020. Ngati mankhwala amene adasangalatsa madokotala adagwa atayesedwa mokwanira, kuli bwanji botolo logulitsidwa pa msika kapena pa foni, limene palibe adaliyesapo? Mabanja amagulitsa mbuzi ndi chimanga kugula mabotolo otere, ndalama zimene zikadalipira ulendo wopita ku mafizo. Sindikunena za mankhwala a BP ndi ena amene dokotala amapereka kuti sitiroko isabwerenso. Amenewo wodwala amwe mosadumphitsa.

Pofika apa wina angatengeke nkunena kuti, basi, wodwala akangogwa timudzutse tsiku lomwelo, ayambe kuyenda. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo kafukufuku adawavomereza. Julie Bernhardt wa ku Melbourne adatsogolera kafukufuku wotchedwa AVERT, wa odwala 2,104 m'maiko asanu. Gulu limodzi lidadzutsidwa pasanathe maola 24, nkumachita mafizo ochuluka. Linalo lidatsata chizolowezi cha chipatala. Ambiri ankayembekeza kuti odzutsidwa msanga apambana. Zotsatira za mu 2015 zidaonetsa zina: patatha miyezi itatu, ochira bwino anali 46 pa 100 alionse mwa odzutsidwa msanga, ndi 50 pa 100 alionse mwa enawo. Pounikanso ziwerengerozo, ofufuza adaona kuti m'masiku oyamba kudzuka kwa nthawi yochepa koma kangapo pa tsiku kumathandiza kuposa kutopetsa wodwala nthawi yaitali. Ntchito ili ndi nthawi yake ndi muyeso wake, ndipo wodziwa muyesowo ndi amene adaphunzira.

Tsopano ndifike pa kafukufuku amene amandivutitsa maganizo kwambiri, chifukwa akuoneka ngati akutsutsa zimene ndikunena. Ku India, monganso kuno, akatswiri a mafizo ndi ochepa ndipo wodwala amasamalidwa ndi abale. Ofufuza adati, bwanji tingophunzitsa abalewo? Mu kafukufuku wotchedwa ATTEND, wa odwala 1,250 m'zipatala 14, abale a gulu limodzi adaphunzitsidwa kuchipatala, nayenderedwanso kunyumba maulendo osapitirira 6. Zotsatira za mu 2017 zidakhumudwitsa ambiri. Patatha miyezi 6, omwalira kapena odalirabe ena anali 47 pa 100 alionse m'magulu onse awiri. Kodi ndiye kuti banja lilibe ntchito? Ine sindikuona choncho. Chimene ndikuona nchakuti maphunziro a masiku ochepa sangasandutse mayi wotopa, amene akuphikanso, kutunga madzi ndi kulima, kukhala dokotala wa mafizo. Kumbukirani kuti mu LEAPS muja mafizo a kunyumba adathandiza pamene katswiri ankabwera yekha, katatu pa sabata kwa miyezi itatu. Mutu umodzi susenza denga. Wodwala, banja ndi katswiri ayenera kusenzera limodzi, ndipo boma lisatulire abale mtolo wonse ponamizira kuti ndi mwambo wathu.

Kuno kwathu poyambira palipo. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, ndipo zipatala zikuluzikulu zili ndi madipatimenti a mafizo. Sukulu ya College of Medicine, imene mu 2021 idalowa mu yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mafizo. Koma wodwala wa kumudzi, amene sangakwere njinga kapena kabaza yekha, akatulutsidwa m'chipatala kawirikawiri amangobwerera pa mphasa. Miyezi itatu yoyamba ndiyo nthawi imene ubongo umakhala wokonzeka kwambiri kuphunziranso, ndipo ndi miyezi yomweyo imene imatha akuchitiridwa zonse. Ine ndikuganiza kuti pamene tikupempha atsogoleri athu mankhwala ndi maambulansi, tiziwapemphanso kuti ophunzira za mafizo alembedwe ntchito m'zipatala za m'maboma, ndi kuti akhale ndi njira yofikira odwala m'midzi. Kupulumutsa munthu ku imfa nkumusiya pa mphasa zaka khumi ndi ntchito yosatha.

Nanga ife a pakhomo tichite chiyani? Choyamba, mukaona pakamwa pa munthu papotoka, dzanja lagwa, kapena mawu akutuluka osamveka, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musayambe mwakaombeza kuti wamenya hamala ndani. Chachiwiri, asanatuluke m'chipatala funsani kuonana ndi a mafizo, ndipo mupite awiri kapena atatu kuti wina akaiwala, wina akumbuke. Safunsa adadya phula. Afunseni kuti wodwala wanuyo angachite chiyani yekha, ndi kangati pa tsiku. Chachitatu, zimene angathe, musiyeni achite. Ngati angagwire supuni, adye yekha, ngakhale phala litayikire pa malaya. Ngati angamange batani limodzi, dikirani amange. Kutola nyemba m'lichero, kusenda mtedza, kupukuta mbale, kupesa tsitsi, zonsezi ndi mafizo a mafizo akakulolani. Chachinayi, pomudzutsa musamukoke dzanja lofooka, chifukwa phewa lake ndi lolobodoka ndipo limavulala msanga. Pomudyetsa akhale tsonga, pakuti ambiri amavutika kumeza, ndipo chakudya chikalowera m'mapapo chimabweretsa chibayo. Wosatha kutembenuka yekha muzimutembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda.

Ndikudziwa kuti chachitatucho ndicho chovuta. Mwana wolera bwino sangapirire kuona bambo ake akulimbana ndi batani kwa mphindi zisanu iye ataima pomwepo. Oyandikana nawo nawonso sachedwa kunena: taonani mpongozi uja, akuwasiya apongozi ake akudzidyetsa okha ngati alibe abale. Mawu otere amapweteka, ndipo ambiri amachitira wodwala zonse poopa pakamwa pa anthu. Apa mpamene inu abambo ansembe, ndi onse amene mumayendera odwala, mungathandize. Anthu amamvera mawu anu. Mukalowa m'nyumba yotere, funsani ngati wodwala akupita ku mafizo, ndipo muyamikire poyera mpongozi amene akudikira moleza mtima kuti apongozi ake anyamule okha kapu. Kudikira koteroko kumadya nthawi ndi mtima kuposa kungowamwetsa.

Ndisanamalize, ndinene mosabisa kuti si onse amene adzachire. Pali ena amene bala la mu ubongo ndi lalikulu, moti ngakhale atachita khama lotani dzanja silidzagwiranso khasu. Munthu wotere tisamunene kuti ndi waulesi, ndipo tisamukalipire akalephera. Ambiri odwala sitiroko amagwidwa ndi kukhumudwa, amalira msanga, amatopa msanga, ndipo zonsezi ndi mbali ya matendawo. Komabe ngakhale kwa iye, kutha kukhala tsonga yekha, kudzisambitsa kumaso kapena kupita kuchimbudzi mosanyamulidwa ndi chinthu chachikulu. Funsani munthu wamkulu aliyense chimene amaopa kwambiri pa ukalamba, mudzamva kuti ndi kusandutsidwa khanda m'nyumba yake yomwe.

Anzanga, tchuthi chikafika ambiri a ife tidzapeza wodwala wotere kwathu kapena kwa anansi. Ife tili ndi nthawi imene amayi athu alibe, ndipo timatha kuwerenga pepala limene a chipatala adalemba. Tikakhale naye pansi. Tikamuperekeze ku mafizo, tikamve malangizo, tikawerenge naye nyemba zimene watola lero ndi kuzilemba mu kope kuti mawa aone kuti wawonjezera. Tikakumbutsenso makolo athu kukayezetsa BP asanadwale. Inu makolo, chikondi chanu pa odwala sitikuchikayika. Pempho langa ndi lakuti mukaona dzanja lofooka likunjenjemera kulunjika pa kapu, bwezani dzanja lanu pang'ono, mudikire. Pang'onopang'ono ndi mtolo.